Denga la asibesitosi ku Makawa: tilitsitse bwanji?

Kalipentala wa ku M'baluku: Mwaswera bwanji akuluakulu? Ndapeza ntchito yosasula denga la kanyumba kakale ka alendo cha ku Makawa, mwini wake akufuna malata atsopano mvula isanayambe. Ali pamenepowa ndi malata a asibesitosi aja, okwana 46, ena ndi osweka kale ndipo achita ndere. Mabawuti ake anachita dzimbiri, sipanala ikungoterereka. Bwanayo akuti tingowadula ndi gulayinda timalize Loweruka, zidutswazo akufuna kukwirira nazo maenje a mumsewu wolowera kwake. Ine mtima ukukana. Nditani?

Wowotcherera wa pa Boma: Achimwene, gulayinda ndikubwerekani. Ife tinakulira m'nyumba za malata amenewa, ndipo tili moyo. Muzichedwa nazo, ntchitoyo apatsa wina.

Pulambala wa ku Monkey Bay: Ayi achimwene, musawasocheretse anzathu. Kugona pansi pa lata lomwe silinakhudzidwe ndi kwina, kulidula ndi kwina. Timaulusi ta asibesitosi timakhala titagwidwa ndi simenti. Mukalowetsa gulayinda timamasuka, ndipo toopsato sitiwoneka ndi maso, timakhala mumpweya nthawi yaitali fumbi lowonekalo litatsika kale. Tikalowa m'mapapo sitituluka. Ineyo mapaipi akale amadzi a mtundu umenewu ndinadulapo ambiri ndisakudziwa, ouma, nkhope yonse mbuu! Pano ndikakumbukira thupi limachita tsemwe.

Madala a ku Namwera: Ana anga, ndilankhuleko. Amalume anga anapita ku Joni pa Wenela ine ndili mwana, anagwira mumgodi wina wa asibesitosi. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi jasi, ali ojintcha. Patapita zaka zoposa makumi awiri phuma linayamba. Kuchoka pakhonde kufika pa nkhokwe ankapuma kawiri, dzanja lili pachifuwa. Usiku ankagona chokhala atatsamira thumba la chimanga, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. Anamwa mankhwala a TB mpaka kumaliza koma osasintha. Titamva kuti anzawo ena akulandira chipepeso tinasanthula sutikesi yawo yonse, khadi ya ntchito osaipeza, chiswe chinadya kalekale. Tinawaika m'manda osalandira ngakhale tambala. Ndiye mukamati tili moyo, dziwani kuti matendawa amadikira zaka 20, 30, ngakhale 40.

Wowotcherera wa pa Boma: Pepani madala, sindimadziwa. Komatu ndimamva kuti aku Theba, aja ankapita kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, akulandira ndalama za matenda a m'mapapo. Si zomwezo?

Mayi Folomani: N'zosiyana bambo. Ndalama mukunenazo n'za bungwe la chipepeso la Tshiamiso Trust, ndipo n'za anthu a m'migodi ya golide amene anadwala silicosis (matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala) kapena TB. Za asibesitosi zinayenda njira yakeyake. Anthu pafupifupi 7,500 a ku South Africa, ochokera m'madera ngati Prieska ndi Penge, anasumira kampani ya Cape plc ku London. Anayamba alimbana kaye zoti mlanduwo umvedwe ku England, mpaka khoti lalikulu la kumeneko linavomera mu 2000. Mu 2001 anagwirizana za mapaundi 21 miliyoni, koma ndalamayo sinatuluke, ndipo mu 2003 Cape inalipira mapaundi 7.5 miliyoni okha. Ambiri anamwalira akudikira. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la chipepeso la Asbestos Relief Trust la anthu a m'migodi ina ya asibesitosi, ndipo mu 2008 South Africa inaletseratu asibesitosi. Tsono taganizani, amenewo anali ndi maloya komanso dzina la kampani. Mnyamata wa ganyu wa pa Makawa akadzayamba kubanika mu 2050 adzaloza ndani?

Kalipentala wa ku M'baluku: Mayi, mwandilasa pamtima, chifukwa mmodzi mwa anyamatawo ndi mwana wa mlongo wanga. Ndiuzeni kagwiridwe kake.

Mayi Folomani: Ndinatsitsapo denga lotere. Gulayinda, sowo, dirilo, zonse zisakhudze latalo. Mabawutiwo muwadule ndi chodulira zitsulo chamanja, makamaka cha kunsi ngati mungafikeko, lata lituluke lamphumphu. Musanayambe mulinyowetse ndi mpope wopoperera m'munda, mutathiramo sopo pang'ono kuti madzi alowerere. Osati kuthira ndi mphamvu ayi, kungowaza. Ndi dzuwa la kuno lata limauma msanga, ndiye yambani m'bandakucha, ndipo mnyamata mmodzi ntchito yake ikhale kupopera basi. Kutsitsa kwake n'kolandizana, anthu awiri m'mwamba awiri pansi, osaponya.

Chinanso, malata akalewa ndi ofumbwa, akanyowa amaterera. Musaponde palata penipeni. Yalani matabwa muziyenda pamenepo, apo ayi mugwa nalo.

Pulambala wa ku Monkey Bay: Ndiwonjezere za masiki. Aja ansalu a nthawi ya Covid sathandiza, ngakhale kumanga mpango. Funani olembedwa FFP3 kapena a fyuluta ya P3, ndipo amene ali ndi ndevu amete kuti agwire bwino. Mukawasowa pa Boma itanitsani ku Blantyre. Ovolosi ikhale yotaya mukamaliza. Musapite nayo kunyumba kuti alamu akachape, akazi ambiri anadwala chifukwa chokutumula zovala za amuna awo. Ndipo wosuta fodya adziwe kuti fodya ndi fumbi limeneli zikakumana, khansa ya m'mapapo imabwera mosavuta.

Madala a ku Namwera: Nanga zidutswa zija? Mumsewu ayi ndithu. Galimoto ikamaponda zizipereseka, mwera ukawomba fumbi lonse m'makomo mwa anthu. Ndipo anthu adzabwera kudzapempha za khola la mbuzi, ena zofolerera bafa, ana azidzaseweretsa. Mukanize, ngakhale akunenani kuti ndinu owuma manja.

Mayi Folomani: Zoona madala. Yalani pulasitiki yochindikala pansi musanayambe, malatawo muwasanje pamenepo ali onyowa, mukulunge kawiri n'kumata, mulembepo kuti ndi asibesitosi. Pansi musasese ndi tsache, pukutani ndi nsanza zonyowa n'kuziika momwemo. Kokataya kafunseni a zachilengedwe ku khonsolo, kunyanja kapena mu Shire zisayandikire. Komanso lembani m'kabuku maina a onse ogwira, masiku ake ndi malo, mujambule zithunzi, bwanayo asayine, aliyense asunge pepala lake. Tili ndi lamulo la chipepeso cha ogwira ntchito la 2000, koma ku ofesi ya zantchito chinthu choyamba adzafunsa umboni woti munagwiradi.

Kalipentala wa ku M'baluku: Ndawaimbira bwana aja. Poyamba anakalipa kuti ndikukweza mtengo dala. Ndawawerengera uthenga wa madala a ku Namwera, anakhala chete, kenako anati adzukulu awo amasewera mumsewu womwewo. Avomera masiku awiri owonjezera ndi ndalama ya masiki ndi pulasitiki, koma ya galimoto yokataya akuti tigawane. Ndavomera.

Wowotcherera wa pa Boma: Gulayinda ija ikhale kaye. Ndili ndi chodulira mabawuti chachikulu, mudzatenge mawa. Ngati masiki alipo otsala mundisungireko amodzi, ndidzakuthandizani kulandira pansi.

Kalipentala wa ku M'baluku: Zikomo achimwene. Masiki afika Lachitatu pa minibasi, tiyamba Lachinayi 5 koloko m'mawa. Amene ali ndi mpope wachiwiri andibwereke, wangawu ukudontha.