Anzanga akusekondale akubwera kudzagona kwathu ku Chinamwali, ndiwalandire bwanji?

Mayi wa awiri, Chinamwali

Moni nonse anthu a pa Zomba. Ndithandizeni maganizo makamaka inu amayi akuluakulu amene munazolowera kulandira alendo. Anzanga anayi amene tinkaphunzira limodzi kusekondale akubwera wikendi ina mu July muno, awiri akuchokera ku Blantyre, wina ku Lilongwe, wina ku Mangochi, ndipo anenetsa pa gulupu yathu ya WhatsApp kuti za kuloji sakuzifuna, akufuna adzagone kwathu tidzacheze mpaka usiku ngati mmene tinkachitira kuhositelo. Afika Lachisanu madzulo, abwerera Lamulungu. Mtima wanga ukusangalala kwambiri chifukwa enawa sitinaonanenso chikwatiwireni ine, koma nkhawa nayonso ilipo, nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza basi, tili ndi ana awiri ang'onoang'ono, ndipo mukudziwa nokha mmene zinthu zakwerera mumsika. China n'chakuti mmodzi ndi Msilamu, wina ndi wa Seventh Day, ndiye sindikufuna wina adzagone ndi njala kapena adzadye mokakamizika poopa kundikhumudwitsa. Ndiphike chani choti tonse tidyere pamodzi? Nanga agone bwanji? Komanso Loweruka ndiwatengere kuti poti enawa Zomba amangoiona pawindo la basi?

Agogo a ku Matawale

Mwana wanga, za kuchepa kwa nyumba zichotseni mumtima, anzanuwo akanafuna chipinda chachikulu akanapita kuloji komweko. Chimene mlendo amaona koyamba ndi nkhope ya mwini nyumba. Akamati odi tulukani nokha, osatuma mwana kuti kaone ndi ndani, alandireni zikwama, alowetseni, akhale kaye pansi apume, ndiye muwapatse moni mmodzimmodzi mofatsa, ana nawonso abwere adzapereke moni atagwada kapena atanjuta monga mumawaphunzitsira. Bambo akunyumba ngati alipo abwere apereke moni, acheze nawo pang'ono, akatero akhoza kukusiyani. Kenako madzi akumwa kapena thobwa. Thobwa muphikiretu Lachitatu kapena Lachinayi kuti pofika tsikulo likhale litakoma, ndipo lokonza nokha ndi chimera chabwino limaposa zakumwa zam'mabotolo, ndalamanso silidya zambiri.

Musaiwale kuti July ku Zomba kuno kumazizira, chiperoni chikabwera ndiye usiku wake ndi wovuta makamaka kwa wochokera kunyanja uko anazolowera kutentha. Atenthetsereni madzi osamba asanapemphe, mlendo sapempha madzi osamba, amangopirira. Sopo watsopano, thawulo kapena chitenje choyera, mabulangete okwanira, ngati ndi ochepa bwerekani kwa achibale nthawi ikadalipo muwachape muwayanike. Neti nayo muwamangire ngakhale ndi nyengo yozizira. Kagonedwe ine ndimapanga chonchi, ana ang'onoang'onowo alowe kuchipinda kwanu pamatilesi pansi, alendo awiri atenge chipinda cha ana, awiri pabalaza. Chipinda chanu ndi abambo musagonekemo alendo, kwathu kuno sitichita.

Nkhuku ikhale yalokolo, ndipo nthutumba ionekere m'mbale ya alendo, ndi imene imasonyeza kuti nkhukuyo yaphedwera iwowo. Poti ali anayi muidule aliyense apeze kachidutswa. Posamba m'manja muwathirire ndi jagi madzi ofunda pa beseni, kuyambira wamkulu.

Koma chachikulu chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Amayi ambiri mlendo akafika amasowa, amakhala kukhitchini kuyambira madzulo mpaka usiku, alendo kungowasiyira TV, pobwera ndi nsima aliyense akusinza. Anzanuwo ayenda mtunda wonsewo kudzaona inu. Ndiye sinjiranitu nsinjiro, sankhiranitu mpunga ndi nyemba, makala mugulire Lachinayi kuti magetsi akazima musayambe kuthamangathamanga, ndipo pezani mtsikana wachibale akuthandizeni pamoto. Akafuna kukutsatirani kukhitchini aloleni, apatseni mpeni adule tomato, macheza okoma a amayi amachitikira pambaula pomwepo.

M'bale wanu wa ku Songani

Achemwali, mwachita bwino kuganizira zimenezi nthawi ikadalipo. Ine ndi Msilamu ndiye ndiyankhe mbali imeneyo. Nkhuku agogo anenayo mugule yamoyo, ndiye mupemphe Msilamu akuzingireni, ku Chinamwali konko Asilamu ndi ambiri simungasowe woyandikana naye woti akuthandizeni, sizitenga nthawi. Mukatero mumuuze mnzanuyo musanapakule kuti nkhukuyi yazingidwa ndi Msilamu, chifukwa ifeyo tikapita kwa anthu timachita manyazi kufunsa, timangoti ndakhuta kapena timangodya masamba, mwini nyumba n'kumadabwa kuti kodi ndiwo sizinakome. Mawu amodzi okhawo amamasula munthu. Ngati mugula ya ng'ombe kapena ya mbuzi funsani pabutchala pomwepo ngati ili halaal. Nkhumba isapezeke wikendi imeneyo, ndipo mapoto ndi mbale ngati munaphikirapo mutsuke bwinobwino.

Nsomba ilibe vuto kwa ife. Mumsika waukulu wa Zomba mumapezeka makumba ndi matemba a ku Chilwa obwera kudzera ku Kachulu, mpunga wabwino wa kudambo la Chilwa, wa ku Domasi kapena ku Likangala, umapezeka mumsika momwemo ngakhale kuno ku Songani, nunkhizani kaye musanagule.

Chinanso ndi malo oswalira. Swala ndi kasanu patsiku, yoyamba ndi ya m'bandakucha dzuwa lisanatuluke, ndiye musiyireni madzi mu fulasiki usiku oti adzapangire udhu, kusamba kodziyeretsa asanaswali, chifukwa m'mamawa wa July madzi apampopi ndi ozizira kwambiri. Muonetseni kangodya koyera kopanda anthu odutsadutsa, kamkeka koswalira mwina abwera nako yekha. Poswali kuno timayang'ana kumpoto kupendekera pang'ono kum'mawa, mukangomuuza kumene dzuwa limatulukira adziwa yekha. Ndi bwino iyeyo agone kuchipinda osati pabalaza kuti akamadzuka asavutike ndi kulumpha anzake.

Mlongo wa ku Sadzi

Ndiwonjezereko za wa Seventh Day uja. Nkhumba sitidya chimodzimodzi, komanso nsomba yopanda mamba sitidya, ndiye mlamba ayi ngakhale wowamba wa ku Chilwa amakoma chotani kwa ena. Makumba, chambo, matemba, usipa zonsezi zili ndi mamba adya bwinobwino. Ambiri mwa ife sitimwa tiyi wamasamba ndi khofi, ena nyama anasiyiratu, ndiye mungomuimbira foni payekha mumufunse, osati pa gulupu. Nyemba, nkhwani wotendera, chisoso, mbatata, chigumu, izi aliyense adya.

Koma nkhani yaikulu ndi ya tsiku. Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka dzuwa likamalowa, ndiye pulogalamu yanu ya Loweruka muiganizire bwino. Mwina adzafuna kupita kutchalitchi m'mawa, mufufuziretu yapafupi ndi kwanu ndipo ngati n'kotheka wina amuperekeze. Za kumsika ndi zogulagula tsiku limenelo musamutengere, adzasowa chonena. Kukayenda kukaona chilengedwe masana ambiri sationa vuto, koma zimatengera munthu, mufunseni mwini wake.

Mphunzitsi wa ku Chikanda

Mayi, zonse anena anzangazi ndi zoona koma ine ndikuchenjezeni pa ndalama. Musakatenge ngongole kubanki m'khonde kapena katapila chifukwa cha wikendi imodzi, alendo apita Lamulungu inu n'kutsala mukubweza mpaka Disembala ana akusowa za kusukulu. Nkhuku imodzi Lachisanu, nsomba Loweruka, masamba ndi nyemba pambali, m'mawa mbatata kapena chinangwa ndi mandasi, zakwana. Ndipo poti ndi anzanu akalekale osati apongozi, ine sindikuona cholakwika kuwauza pa gulupupo kuti wa ku Mangochi abwere ndi chambo, a ku Blantyre atenge shuga ndi mafuta ophikira, masiku ano anthu akutero ndipo amasangalala kuti nawo aikapo dzanja.

Za koyenda, Zomba ili ndi zambiri zosalira ndalama zochuluka. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, Nyumba ya Malamulo inatsalabe kuno mpaka 1994, ndiye kumtunda kuja kuli nyumba zakale za boma mungadutseko wapansi n'kukapumira ku Botanical Gardens pansi pa mitengo mukudya nzimbe. Ngati mmodzi wa iwo akubwera pagalimoto kwerani phiri, mukaone damu la Mulunguzi limene timamwa madzi ake mtauni muno, Williams Falls, ndipo kukakhala kopanda nkhungu pa Emperor's View, pamene anatchula pokumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje patali. Tengani majuzi, kumtunda kumazizira kuposa mtauni. Mumsewu wokwera ku Chawe anyamata amagulitsa zipatso za m'phirimo, masitiroberi, magalagadeya ndi zina malinga ndi nyengo, komanso mbatatesi, anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amazikonda kwambiri. Kungoti musadzaze tsiku lonse ndi maulendo, malo amodzi kapena awiri basi, mubwerere kunyumba kukadawala.

Agogo a ku Matawale

Aphunzitsi, pa ngongolepo ndagwirizana nanu kwathunthu, munthu aphike chimene ali nacho. Koma zouza mlendo kuti ubwere ndi chakutichakuti ine mtima wanga sukuvomera. Akafunsa okha kuti tikutengereni chani, pamenepo yankhani mosabisa, ndipo anzanu enieni amafunsa. Koma inu kuyamba kugawa mndandanda, wina amene zinthu sizikumuyendera bwino panopa adzachita manyazi, mwinanso adzapeza chifukwa choti asabwere, inu osadziwa kuti vuto linali paketi ya shuga. Pagulu la anthu anayi sangakhale ofanana m'thumba. Chimene abweretsa mulandire ndi manja awiri, muthokoze chimodzimodzi kwa wobwera ndi chambo ndi wobwera chimanjamanja.

Ndinaiwalanso za Lamulungu. Asachoke opanda kudya, ndipo muwaperekeze mpaka pasiteji kapena pagalimoto pawo, osatsanzikira pakhomo. Kamba wapaulendo asasowe, kaya ndi kampunga ka ku Chilwa m'kajumbo, kaya mtedza wokazinga, kaya nthochi zoti akapatse ana kwawo. Madzulo muwaimbire mumve ngati afika bwino.

Mayi wa awiri, Chinamwali

Zikomo kwambiri nonse, agogo mwandilankhula ngati mayi anga enieni, za kusowa kukhitchinizo ndazimva ndipo mwana wa achemwali anga wavomera kubwera Lachinayi kudzandithandiza. Achimwene a ku Songani, tili ndi aneba Achisilamu kuseri kwathu, bambo akunyumba akuti akawapempha okha za nkhukuyo, ndipo za madzi mu fulasiki ndachita kulemba papepala. Wa Seventh Day uja ndamuimbira, akuti m'mawa apita kutchalitchi, masana kuphiri apita nafe bola zogula zipatso tikagule ndife, nyama amadya koma tiyi samwa ndiye ndimukonzera thobwa lotentha ndi mbatata. Pa nkhani ya zobweretsa sindinauze aliyense, koma wa ku Mangochi wafunsa yekha ndiye ndamuuza kuti chambo tichilandira. Chatsala ndi matilesi amodzi, ngati alipo wa ku Chinamwali kapena ku Matawale kuno amene akudziwa kumene ndingapeze abwino pamtengo wofikirika andiuze lisanafike Lachitatu.