Corolla ikumazima ikatentha, ikapuma nkulira ngati palibe chachitika

Yamikani wa pa Kamwendo: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndigawireni nzeru kuno mutu waima. Ndalandira Corolla zakale zija AE100, injini 5A-FE, imayenda taxi kuchoka pa Kamwendo kupita pa boma la Mchinji nthawi zina mpaka ku boda. Mmamawa ikulira kamodzinkamodzi, kukoka bwinobwino, koma ikayenda ndithu dzuwa likakwera imangozima yokha phii, osayamba yamisa kaye ayi. Ukapukusa kiyi sitata ikuzungulira bho koma injini osagwira. Ikakhala mphindi 20 kapena 30 nde ikulira ngati palibe chachitika. Geji ya temperecha ili pakati, madzi sakutha. Mwini wake anapita nayo kale kwina anamusinthira pampu ya petulo ndi fyuluta, ndalama zinapita vuto lili pompo, ndiye kwa ine wafika ali wokwiyakwiya kale

Chiko Spana: Aise imeneyo ndi pampu basi. Anamuikira ya feki. Ma taxi amenewa amayendera pa E tsiku lonse, malita awiri awiri, pampu imazizira ndi petulo yemwe ali mu thankimo nde ikamangokhala pamtunda itentha bwanji osafa

Yamikani wa pa Kamwendo: Nanenso ndinaganiza choncho chifukwa dalaivala akuti itazima dzana anamasula pulagi imodzi inali youma gwa, petulo osafika

Anaphiri Auto: Mufunseni amathira kuti mafuta. Ngati ndi a m'zigubu aja a m'mbali mwa msewu ndiye musadabwe, ena amakhala ndi madzi ndi mchenga pansi, ka sefa ka pampu kamatseka galimoto ikamayenda zinyalala zikavunduka, ikaima zimakhazikika nkulira. Ndinatsitsapo thanki ya Sienta ina munali matope enieni oti nkuwola ndi dzanja

Chiko Spana: Mwamva nokha, nkhani ndi ya mafuta

A Zulu (pa boma): Anyamata dikirani kaye. Galimoto ikamasowa petulo imayamba kudandaula, kutsamwa, ukaponda moto imakana, kenako nkuzima. Mwanayu wati ikungozima phii. Zimenezo kawirikawiri ndi za magetsi. Yamikani mwana wanga, wawerenga khodi, nambala ya vuto imene kompyuta ya galimoto imasunga?

Yamikani wa pa Kamwendo: Madala ndilibe mashini, ndipo pansi pa sitiyeringi sindikuonapo polowetsa

A Zulu (pa boma): Imeneyo siifuna mashini. Tsegula boneti uyang'ane kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS, kuseri kwa chivindikiro chake analemba mayina a mabowo onse. Tenga kawaya ulumikize TE1 ndi E1, kiyi uike pa ON koma usalize, uwerenge mmene nyale ya pa dashibodi ija, check engine, akuphethirira. Akamangophethira mofanana osapumira ndiye kuti mulibe khodi. Akaphethira nkupuma nkuphethiranso, koyambako ndi makumi, kachiwiriko ndi manambala otsalawo

Yamikani wa pa Kamwendo: Ndapanga madala. Akungophethira mofanana osalekeza, ndadikira mpaka ndatopa

Chiko Spana: Kkkkk kompyuta yakana mlandu. Tsitsa thanki aise usataye nthawi

Mbewe wa Mawaya: Pepani ndachedwa ndinali pansi pa Canter. Yamikani usatsitse kanthu kaye. Kamufunse dalaivalayo funso limodzi ili, galimoto ikazima iye amapanga chani pa nthawi yodikirayo

Yamikani wa pa Kamwendo: Akuti amachotsa theminolo ya batire nkudikira pang'ono nkubwezeretsa, akuti anamuuza anzake pa renki kuti kompyuta imakhala yasokonezeka nde imafuna kuidzutsa. Ndipo akulumbira kuti zimathandizadi

Mbewe wa Mawaya: Ndimadziwa ine. Ndiye khodi uyipeza kuti poti amaifufuta yekha tsiku ndi tsiku? Pa magalimoto amenewa ukangochotsa batire kapena fyuzi ya EFI, yopatsa kompyuta magetsi ija, kwa kanthawi kochepa zonse zimene kompyuta inasunga zimapita. Ndipo chimene chikuidzutsa galimotoyo si theminolo yakeyo ayi, ndi nthawi imene akutaya posaka sipanala boneti ili yotsegula mphepo ikuwomba, chinthu chimene chatentha chimazizira basi. Atangokhala pansi pa mtengo nkumadya chinangwa ikanaliranso chimodzimodzi

Anaphiri Auto: Kkkk a Mbewe inu. Koma nanga pulagi youma ija mutiuza chani

Mbewe wa Mawaya: Apo mpamene anthu ambiri amagulira pampu yosalakwa achemwali. Pa Toyota zimenezi kompyuta imatuma igniter kuti iwombe moto kudzera pa waya wa IGT, ndipo igniter ikawomba imabweza yankho pa waya wina wa IGF kunena kuti ndawomba. Yankho limenelo likapanda kubwera kompyuta imatseka ma injekita pompo, kuopa kudzaza petulo wosapsa mu masilinda ndi mu ekizozi. Nde iwe ukamasula pulagi ukuipeza youma nkumati mafuta sakufika, chonsecho mafuta ali pakhomo pomwepo angokanizidwa kulowa chifukwa moto kulibe. Sindikunena kuti pampu ndi yabwino, sindinaione, koma pulagi youma payokha si umboni

A Zulu (pa boma): Ndi zomwezo. Vuto lotere silipezeka galimoto ili yozizira pa galaja, uyenera kuligwira lili mkati mochitika. Mawa masana ukwere nayo wekha, dalaivala umulande sipanala 10 yake. Utenge pulagi imodzi yabwino, kawaya kako kaja ndi mita. Ikangozima usachedwe ndi kucheza, zula waya mmodzi wa pulagi uvalike pulagi yakoyo, uigoneke pa chitsulo cha injini wina apukuse kiyi uone ngati pali moto. Usaigwire ndi dzanja. Kenako mu kabokosi komwe kaja lumikiza +B ndi FP kiyi ali pa ON, pampu iyenera kulira yokha, ika khutu ku thanki ndipo ukagwira paipi yobwerera ku thanki uyenera kumva petulo akudutsa. Ukatha zimenezo TE1 ndi E1. Zonse uzipange injini isanazizire

Chiko Spana: Ine ndikubetcha fanta, pampu

Yamikani wa pa Kamwendo: Akuluakulu ndabwerako. Tanyamuka pa Kamwendo cha m'ma 12 dzuwa lili pa liwombo, tinapita kaye mbali ya Waliranji nkutembenuka kuti itenthe bwino, pobwerera tikulowera ku boma nde yazima phii pamalo oti palibe ndi mthunzi womwe. Pulagi pa injini, moto zero, ngakhale kakang'ono. +B ndi FP pampu ikulira bwinobwino petulo akuyenda mu paipi. Khodi yatuluka, kuphethira kamodzi, kupuma, kenako kanayi, nkumabwereza yomweyo. Ndadikira dala osakhudza batire, patapita nthawi ndayesanso pulagi ija moto wabwera wa buluu, kupukusa kiyi yalira. Dalaivala anangoti kukamwa yasa

Mbewe wa Mawaya: 14 imeneyo, IGF sakubwera. Chiko kagule fanta ukapereke pa Kamwendo

Chiko Spana: Mxii. Ndamva, ndipereka Loweruka

A Zulu (pa boma): Tsopano zonse zili mu distributor, chifukwa pa injini imeneyo koyilo yopanga moto wa mapulagi, igniter ndi ma pickup owuza kompyuta mmene injini ikuzungulirira anaziika mnyumba imodzi momwemo, pambali pa hedi potentha. Ikanakhala 12 tikanati pickup kapena mawaya ake. Poti ndi 14 otsala ndi koyilo, igniter ndi mawaya opita ku kompyuta. Yamba wagwedeza soketi injini ikulira uone ngati ingazime, galimoto ya zaka zoposa 25 mawaya amakhala ataumiratu. Ikapanda kuzima masula kapu utiuze zimene waona

Yamikani wa pa Kamwendo: Soketi ndagwedeza palibe chasintha. Ndamasula kapu, eee mkati muli oyilo, pansi pake pachita kudikha ndipo wasakanikirana ndi fumbi wakhala phala lakuda. Ndachotsa rota ndi kachivindikiro ka pulasitiki kaja, koyilo ili ndi mng'alu pambali wautali ngati chikhadabo, m'mbali mwa mng'aluwo mwachita zotuwa ngati phulusa, ndipo ikununkha kupsa. Koma chondidabwitsa ndayeza ndi mita mawaya awiri okulungidwa mkati mwa koyilo, primary ikupereka 1.4 ohms, secondary ili m'ma 12 kilo-ohms, zomwe ndikuona ngati zili bwino

Chiko Spana: Nde ndi igniter. Gula distributor yonse zithe

Mbewe wa Mawaya: Wayeza yozizira, ndipo yozizira galimoto imalira, nde umayembekezera kuti mita inena chani? Itenthetse. Pafupi nawe palibe saluni? Kabwereke chowumitsira tsitsi chija, ulumikize mita pa primary uzisiye zili choncho, uziiwuzira mpweya wotentha pang'onopang'ono mozungulira maso ali pa mita. Nambala kukwera pang'ono nchabwinobwino, waya wa kopa akatentha amatero. Chimene tikufuna kuona nkudumpha. Osaika pa mbaula chonde, ndakuuziratu

Anaphiri Auto: Amayi a pa saluni akakudula ya magetsi kkkk

Yamikani wa pa Kamwendo: Andipatsa koma aima pompo kuyang'anira. A Mbewe zatheka, inakwera 1.5, 1.7 kenako koyilo itafika potentha moti sungaigwire nthawi yaitali mita yangolemba 1 kumanzere kuja ngati mawaya sanakhudzane. Ndasiya kuti izizire nambala yabwerera yokha. Ndabwerezanso zachitika chimodzimodzi

Mbewe wa Mawaya: Wamugwira. Waya waduka mkati, ikazizira nsonga zimakhudzana ikatentha zimasiyana. Igniter isiye, ilibe mlandu pakadali pano

A Zulu (pa boma): Wagwira ntchito mwana wanga. Koma usathamangire kuika koyilo ina nkulandira ndalama, funsa kaye chinaipha nchani. Oyilo amene wamuonayo sanalowe yekha. Anthu amasintha O-ring ya kunja ija nkumati athana nazo, koma ija ikatha oyilo amatsikira kunja pa giyabokosi. Wolowa mkati mwa kapu amadutsa pa silu yaing'ono ya pa shafiti, mkati mwenimweni, ndipo kuti uifike uyenera kuphwasula distributor. Gwira shafitiyo uigwedeze, ngati ikusewera ndiye kuti beringi yathanso ndipo silu yatsopano siikhalitsa. China, yeza mawaya a mapulagi limodzi ndi limodzi, Toyota amati aliyense asapitirire 25 kilo. Mapulagi akadyeka mpata nkukula, kapena waya akaduka mkati, koyilo imavutika kukankha moto mpaka umaboola pambali, mng'alu wako uja ndi umenewo

Yamikani wa pa Kamwendo: Shafiti ikusewera ndithu, ndikumva kuti khokho. Mawaya atatu ali pansi pa 15 koma wa namba 4 mita sikuwerenga nkomwe. Mapulagi ndi amitundu iwiri yosiyana, awiri adyekeratu nsonga

Anaphiri Auto: Apo ndiye Chiko wanena zoona mwangozi, distributor yonse. Ukaphatikiza koyilo, silu, beringi ndi nthawi yako yophwasula bola yochotsa pa injini ya ex Japan. Ine zatsopano za m'katoni yopanda dzina zija ndinasiya, zimabwera zowala koma miyezi ingapo kasitomala wabwerera ndipo wolakwa umakhala iweyo. Pita ku Biwi ku Lilongwe, kapena ngati uli ndi munthu wodutsa pa boda ya Mwami akufunsire ku Chipata. Yakaleyo uitenge m'manja, ukafananize masoketi ndi kuwerenga mapini, chifukwa za 4A ndi 5A za zaka zosiyana zimaoneka ngati zofanana koma soketi zina sizilowana. Ndipo ukatsegule kapu pomwepo usanalipire, mukakhala oyilo isiye

Chiko Spana: Mwangozi bwanji achemwali, ndi luso limenelo

Yamikani wa pa Kamwendo: Vuto mwini wake akuti tingoika koyilo yokha ya sekondi, ndalama anathera pa pampu ija

A Zulu (pa boma): Muitane aone yekha. Umugwiritse shafitiyo ndi dzanja lake, umuonetse oyiloyo ndi waya wa namba 4 pa mita. Akakanabe muikire koyiloyo koma mawaya ndi mapulagi asakane, ndipo umuuze pamaso pa dalaivala wake kuti ya oyiloyo ilibe galanti. Ine ndimalemba m'kope kasitomala nkusayina

Mbewe wa Mawaya: Pochotsa uike chizindikiro pomwe rota yaloza ndi pomwe bawuti yamangira, osapukusanso injini mpaka ina italowa. Mawaya pa kapu 1-3-4-2. Ukamaliza taimingi ndi madigiri 10 BTDC, kutanthauza pistoni isanafike pamwamba penipeni, injini itatentha, TE1 ndi E1 zili zolumikiza, ukapanda kulumikiza kompyuta imasuntha taimingi yokha nde uzingothamangitsa chizindikiro pa pule. Ngati ulibe timing light bwera nayo pa boma, a Zulu ali nayo, osatchera ndi khutu pa galimoto yonyamula anthu ndi matumba a soya

Yamikani wa pa Kamwendo: Akuluakulu lipoti. Mwini wake atagwira shafiti ija sanatsutsenso, anangopukusa mutu nkutumiza ndalama. Distributor ndinaipeza ku Biwi youma mkati, soketi zofanana, ndaika ndi mawaya ndi mapulagi anayi amtundu umodzi. Madala Zulu anditcherera taimingi dzulo, inali itatsogola kwambiri. Ndachotsa fyuzi ya EFI kufufuta 14 uja, lero yagwira ntchito tsiku lonse mpaka ku boda ndi kubwerera pa dzuwa lomwe lija osazima, madzulo ano ndawerenganso khodi mulibe. Zikomo nonse. Koma ndaona kuti fani ikumazungulira kiyi akangofika pa ON ngakhale injini ili yozizira, ndi mmene zimakhalira?

Mbewe wa Mawaya: Ayi. Yang'ana switch ya fani pafupi ndi pomwe pamakhala thermostat, pa Toyota zimenezi soketi yake ikazuka kapena waya akaduka fani imangozungulira osaima. Mwina yazuka yokha, mwina wina anazula dala galimoto itayamba kutentha. Ngati anazula dala ukapezanso kuti thermostat anachotsamo

Anaphiri Auto: Gwira paipi ya pamwamba ya redieta mmamawa ukangoliza. Ikayamba kufunda nthawi yomweyo pamodzi ndi injini ndiye kuti mulibemo

Yamikani wa pa Kamwendo: Ndimuuza aibweretse Lolemba isanalowe pa renki

Chiko Spana: Fanta ndasiya pa grocery ya pafupi ndi saluni, ukatenge