Kodi "choipa" cha pa Yesaya 45:7 ndi tchimo kapena tsoka?

Nachi_M:
Abale ndithandizeni. Usiku wathawu tulo tinandithawa ndiye ndimawerenga Yesaya pa foni, ndafika 45:7 pomwe Mulungu akunena kuti amalenga kuunika ndi mdima, mtendere ndi choipa. Ndinadzuka kukatenga Baibulo la malemu mayi anga lija masamba ake anayamba kuthothoka kuti mwina foni yalakwitsa, koma namonso ndi choipa chomwecho. Ndiye Mulungu amalenga zoipa?? Mtima wanga sukukhazikika.

Bambo_a_Tiya:
Achemwali musade nkhawa. Mu Chiheberi mawu ake ndi "ra", ndipo amanyamula zinthu ziwiri, kuipa kwa khalidwe komanso tsoka logwera munthu ngati nkhondo, njala kapena mliri. Ife timasiyanitsa tchimo ndi tsoka, iwowo mawu amodzi basi. Pa vesi imeneyi onani mnzake amene waikidwa naye, kuunika kuli ndi mdima, ndiye mtendere (shalom) uli ndi ra. Chotsutsana ndi mtendere si tchimo ayi, ndi tsoka. Komanso chaputala chimenechi chikuyamba ndi kukamba za Koresi mfumu ya Perisiya amene anagwetsa Babulo mu 539 BC, kwa Ababulo linali tsoka pomwe kwa Ayuda a ku ukapolo unali mtendere.

Chiko92:
Zoona a Bambo a Tiya. Buku la Yona ndi limene linanditsegula maso ine, mawu omwewa akuzungulira buku lonse. Pa 1:2 ndi kuipa kwa anthu a ku Nineve, pa 3:10 anthuwo asiya njira yawo yoipa ndiye Mulungu naye waleka tsoka lomwe amafuna kuwagwetsera, kenako pa 4:1 Yona zamuipira mpaka kukwiya, mawu ake omwewonso.

Mayi_Esi:
Ine changa ndi chakuti tisamangothamangira kuti tsoka lililonse ndi chilango, zimenezi zimandipweteka kwambiri. Mwana wanga atadwala miyezi itatu wina anabwera kudzationa, wakhala pamphepete pa bedi nkundifunsa kuti mwalakwanji kwa Mulungu, ine ndili ndi kapu ya mankhwala mmanja. Koma Yesu pa Luka 13:4 anakamba za anthu 18 omwe nsanja ya ku Siloamu inawagwera nkufa, ndipo anakana kuti sanali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Mlaliki 9:11 nayenso akuti zongotigwera mwadzidzidzi zimapeza aliyense, wothamanga ndi wanzeru yemwe.

Nachi_M:
Zikomo nonse, apa ndapumako. Nanga "tsoka kwa inu" uja wa pa Mateyu 23 ndi temberero?

Bambo_a_Tiya:
Amene uja ndi wina, mu Chigiriki ndi "ouai", mfuu ngati mayo ine! Mu Chiheberi muli "hoy" yemwe ankaliranso naye maliro, onani 1 Mafumu 13:30 akulira mneneri wina amene anamwalira kuti mayo mbale wanga. Ndiye ine ndimamva chenjezo losakanikirana ndi chisoni, paja chaputala chomwecho cha Mateyu 23 chikutha Yesu akudandaulira Yerusalemu ngati nkhuku yofuna kufungatira anapiye ake.