Hiace ikukana giya wani ndi rivesi, kilatchi ndasintha kale

Wa ku Ndirande: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Hiace ya injini ya mtundu wa 5L, yoyenda Limbe-Zomba. Inabwera kilatchi ikuterereka, Lachiwiri ndinaika clutch plate, pressure plate ndi release bearing, zonse zatsopano. Lero yabweranso. Injini ikamalira wani sakulowa pokhapokha ukankhe ndi manja awiri, rivesi ikukukuta mpaka anthu pa siteji kutembenuka. Ukazimitsa injini magiya onse akulowa bwinobwino. Ndabulida kawiri, kuchotsa mpweya mu fluid ya kilatchi. Mwini wake akuti ndamuonongera giyabokosi, ndalama yotsala wakana kundipatsa.

Wa ku Biwi: Muli oyilo wanji m'giyabokosimo? Ambiri akumathira 85W-140 wa mu difu. Khuthulani muthire 75W-90.

Madala a ku Kawale: Mwana wanga, wanena wekha kuti ukazimitsa zikulowa. Giyabokosiyo usaitsegule. Kilatchi sikulekana, input shaft, yomwe imalowetsa mphamvu ya injini m'giyabokosi, ikuzungulirabe ngakhale waponda mpaka pansi. Synchro, kachitsulo kothandiza giya kulowa mosakukuta, ikatha imavutitsa giya yake yokhayo, kawirikawiri thu kapena fili. Yesa izi: popa pedal katatu msangamsanga, kenako lowetsa wani. Ikalowa, vuto lili ku master kapena slave, masilinda awiri a fluid omwe amakankha kilatchi ukaponda pedal. Uuzenso mnyamata aponde osachotsa phazi, iwe uyang'ane rod ya slave. Ikamabwerera yokha pang'onopang'ono ndiye kuti marabala a master atha, fluid akudutsa m'kati momwemo, kunja suona dontho.

Wa ku Ndirande: Ndapopa madala, palibe kusintha. Rod ikutuluka ndipo ikukhala pomwepo.

Wa ku Biwi: Ndiye ndi oyilo basi. M'mawa kukazizira oyilo wolimba amagwira magiya.

Wa ku Ndirande: Achimwene, galimoto yachoka ku Zomba ili yotentha, ikukanabe.

Wa ku Luwinga: Pilot bearing, kabearing kogwira nsonga ya input shaft kumbuyo kwa crankshaft, munaiona? Ine inandichititsa manyazi pa Hilux ina chaka chatha. Ndinatsitsa giyabokosi katatu, kubweza pressure plate kusitolo, kukangana ndi wogulitsa mpaka anthu kutileretsa. Kachitatuko ndinalowetsa chala kumbuyo kwa crankshaft, kabearing kaja kali gwa, kofiira ndi dzimbiri, nsonga ya shaft itasanduka yabuluu ndi kutentha. Kanthu kochepa ngati chitsekerero cha botolo kanandidyera sabata yathunthu. Mwini galimoto sanabwerenso pagalaja panga, mpaka lero tikakumana mumsika amangondipatsa moni wa patali.

Mayi wa ku Mchesi: Ndifunseko, pokweza giyabokosi munali angati? Ngati inalendewera pa shaft mabawuti asanagwire, clutch plate yapindika imeneyo, ngakhale ili yatsopano. Komanso anyamata akamafulumira amaitembenuza, mbali ya ku flywheel kuiloza ku giyabokosi. Muonenso ma spline, timano ta pa shaft, plate iziyenda pa shaft mosavuta. Girizi pang'ono chabe, mukachulutsa amwazikira pa lining.

Wa ku Ndirande: Tinali awiri mayi, kunja kutada. Sindinama, inalendewera kanthawi pamene tinkasaka bawuti. Pilot bearing sindinaisinthe.

Wa ku Biwi: Musanatsitse yambani mwakhuthula oyilo. Kutsitsa ndi tsiku lathunthu, oyilo ndi mphindi makumi awiri.

Madala a ku Kawale: A ku Biwi, oyilo sangayambe kuvuta tsiku lomwe munthu wasintha kilatchi. Galimotoyi inkalowa magiya giyabokosi isanatsitsidwe, ndi oyilo yemweyo. Iwe wa ku Ndirande, yamba wayeza free play ya pedal, mpata womwe imayenda isanayambe kukankha kilatchi, ikhale pakati pa 5 ndi 15 mm. Ndipo wina asakunamize kuti uwotcherere chitsulo pa rod ya slave kuti italike. Ndaziona zimenezo, release bearing imakhala ikukhuza nthawi zonse, kenako zala za pressure plate zimadyeka. Ukatsitsa uone foloko yokankha release bearing ngati sinang'aluke, ndi kampira kachitsulo komwe imatsamira.

Mayi wa ku Mchesi: Ndipo dalaivala asaiyendetse. Akamakakamiza choncho, mawa synchro itha zenizeni, mlandu ukhala wanu.

Wa ku Luwinga: Madalaivala a minibasi sangakumvereni mayi. Wina kuno ankalizira injini ili mu giya pa siteji iliyonse, mwezi wathunthu, mpaka sitata inapsa. Anabwera kudzafuna sitata yokha, za kilatchi ayi.

Madala a ku Kawale: Usalowe pansi galimoto ili pa jeke yokha. Ika zitsa kapena ma stand, matayala utchinge ndi miyala.

Wa ku Biwi: Mukatsitsa giyabokosi, oyilo mukhuthulabe. Mudzandiuze mtundu wake ndi zomwe zamatirira pa maginito a drain plug.

Wa ku Luwinga: Mwa njira, alipo ali ndi slave cylinder ya Canter yakale? Kuno ndasaka ndalephera, galimoto ya makala yagona pagalaja masiku anayi.

Wa ku Biwi: Tumizani chithunzi cha yakaleyo, mawa ndikuyang'anirani.