Kulembetsa Lda tokha popanda loya: tiyambire khomo liti?

Wa_ku_Domue

Moni nonse akuluakulu. Tilipo atatu kuno ku Angónia: ine, mlamu wanga, ndi mnzathu wina wa ku Dedza, mbali ya ku Malawi. Timagula soya, nyemba ndi mbatatesi kwa alimi n'kumakagulitsa ku Tete ndi ku Moatize. Ogula akuluakulu ayamba kufuna factura yokhala ndi NUIT (nambala ya msonkho) ya kampani, ndiye tagwirizana zotsegula Lda, kutanthauza Limitada, kampani imene aliyense amakhala ndi gawo lake. Ndalama ya loya tilibe. Kodi mapepalawa munthu angayendetse yekha? Tiyambire ofesi iti? Komanso tili ndi kalole kamodzi ndi nyumba yosungira katundu, kodi zimenezi zingalowe ngati mpamba wa kampani?

Mlembi_wa_Matundo

Zikomo achimwene. N'zotheka ndithu, lamulo silikakamiza kuti mudzere kwa loya. Chimene chimapweteka anthu n'kusokoneza ndondomeko, chifukwa pepala lililonse limadalira linzake.

Musanakwere shapa yopita ku Tete, yalani pa tebulo BI (chiphaso cha unzika) ndi khadi la NUIT la munthu aliyense, muyerekeze maina chilembo ndi chilembo. Izi zikumveka ngati zachibwana, koma n'zimene zimabweza anthu ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Maina athu amalembedwa Chipwitikizi mosiyanasiyana: pa BI pali Chimuemue, pa NUIT pali Chimwemwe, pa kontrato mwalemba zina. Kwa wogwira ntchito pa kauntala amenewo ndi anthu atatu osiyana. Dzina lolondola ndi limene lili pa BI, ndipo ngati NUIT ikusiyana nayo, kakonzetseni kaye ku ofesi ya misonkho. Onaninso ngati BI ya wina sinathe masiku.

Khomo loyamba ndi CREL, Conservatória do Registo das Entidades Legais, ofesi yolembetsa makampani. Mumzinda wa Tete yambirani pa BAU, Balcão de Atendimento Único, kumene maofesi angapo a boma ali pansi pa denga limodzi. Kumeneko mumapempha kusungitsa dzina, reserva de nome. Pitani ndi maina atatu kapena anayi, chifukwa maina ngati "Agro Comercial" kapena "Comércio e Serviços" anthu anawatha kalekale, ndipo dzina lofanana ndi la kampani ina amalikana. Kumapeto kwa dzina kukhale Limitada kapena Lda. Chikalata chimene akupatseni chili ndi masiku ake, ndiye musachisunge m'sutikesi kudikira kuti mukolole kaye. Chikatha masiku mulipiranso.

Chachiwiri ndi contrato de sociedade, pangano lanu lokhazikitsa kampani, pamodzi ndi estatutos, malamulo oyendetsera kampaniyo, m'Chipwitikizi. Ngati mu mpamba simukulowa nyumba, chikalata cholemba nokha chimakwanira, bola nonse musaine ndipo notariyo, wa boma wotsimikizira zikalata, atsimikizire masiginecha anu.  Amene sangathe kupita alembe procuração yopatsa mnzake mphamvu yomusainira.

Mukatero bwererani ku CREL ndi kontrato, chikalata cha dzina ndi makope otsimikizidwa a ziphaso zanu. Akalembetsa amakupatsani certidão yokhala ndi NUEL, nambala ya kampani yanu m'kaundula. Kuyambira 2024 amafunanso kuti munene eni ake enieni a kampani, chimene amati beneficiário efectivo, choncho musadabwe akakupatsani fomu ina. Chidule cha estatutos chimasindikizidwa mu gazeti ya boma, Boletim da República, III Série, ndipo chimalipiridwa. Risiti yake isungeni bwino, chifukwa a ku banki amaifunsa Boletim isanatuluke.

Kenako Autoridade Tributária, ofesi ya misonkho. Kampani imakhala ndi NUIT yakeyake, ya manambala 9, yosiyana ndi yanu, ndipo fomu yake ndi M/01C. Mukakhala ndi NUIT mumapempha chilolezo cha malonda ku BAU, kapena ku SDAE, ofesi yoona za malonda ndi ulimi, ngati mukuchitira kuboma kwanu. Malonda ena amafuna chilolezo chonse, alvará, ena kungodziwitsa boma musanayambe. Zimatengera nambala ya CAE, imene boma limapereka ku mtundu uliwonse wa ntchito. Pomaliza fomu M/02 yonena kuti mwayamba ntchito, kulembetsa ku INSS (bungwe la penshoni ya antchito), ndi akaunti ya ku banki.

Za mitengo, funsani tabela pa kauntala, chifukwa imasintha, ndipo zina zimatengera kukula kwa mpamba ndi kutalika kwa estatutos. Lipirani pokhapokha pamene akupatsani risiti. Anyamata oima panja onena kuti "tikufulumizitsirani" palibe chimene amachita choposa kuima pa mzere umene mukanaima nokha.

Mayi_Nachisale

A Mlembi afotokoza bwino njira, koma pa kontrato adutsapo msanga, pamene mpomwe pagona nkhani. Maofesi mudzayenda masabata ochepa. Kontrato mudzakhala nayo zaka.

Ambiri amatenga estatutos a kampani ina mu Boletim yakale n'kungosintha maina. Vuto loyamba n'lakuti Código Comercial inasintha. Yatsopano ndi Decreto-Lei 1/2022 ya pa 25 Meyi, imene inalowa m'malo mwa ya 2005, ndiye chitsanzo chakale chimatchula ndime zimene sizikugwiranso ntchito. Vuto lachiwiri n'lakuti mumatengera mavuto a eni ake osadziwa. Taonani mfundo izi.

Mpamba, capital social. Lamulo siliika ndalama yochepetsetsa ya Lda, mumasankha nokha. Koma musalembe 5.000.000 MT pofuna kuoneka akuluakulu pamene m'thumba muli 100.000. Ndalama imene mwalemba ndi ngongole yanu ku kampani, ndipo wina akalephera kupereka gawo lake, enanu mungafunsidwe kulikwaniritsa. Kumbali ina, mpamba wa 5.000 MT pa kampani yogula soya wa matani ambiri umachititsa kuti a banki akuyang'aneni ndi diso limodzi. Lembani chimene mungaikedi mu akaunti ya kampani, ndipo musunge talão, risiti yake ya ku banki.

Magawo, quotas. Lembani ndalama ndi peresenti ya aliyense, ndipo zonse pamodzi zikwane mpamba ndendende. Mwachitsanzo pa 100.000 MT: 50.000, 30.000 ndi 20.000. Anthu atatu akamati tigawane mofanana amalemba 33,33% katatu, n'kupezeka kuti sizikukwana 100, pepala n'kubwezedwa. Lembani 34.000, 33.000 ndi 33.000, kapena sankhani mpamba wogawika bwino ngati 90.000 MT. Inu muli ndi mwayi chifukwa mulipo atatu. Anthu awiri a 50 ndi 50 akangosemphana, kampani imaima chilili, palibe wopambana voti.

Ntchito ya kampani, objecto social. Musangolemba "kugula ndi kugulitsa mbewu". Ngati mukuganiza kuti mawa mudzanyamulira ena katundu pa lole, kugulitsa feteleza, kugaya chimanga, kapena kutulutsa katundu kudzera pa Calómuè kapena Zóbuè, lembanitu lero, kuphatikizapo mawu oti importação e exportação. Kuwonjezera pambuyo kumafuna acta, chikalata cha zimene mwagwirizana pa msonkhano, kulembetsanso ku CREL ndi kusindikizanso mu Boletim. Ndalama kawiri.

Woyendetsa, administrador, ndiponso amene siginecha yake imamanga kampani. Ndime imeneyi imatchedwa forma de obrigar, ndipo a banki amaiwerenga asanawerenge china chilichonse. Mukalemba kuti administrador mmodzi akhoza kusaina yekha pa zonse, ndiye kuti angathe kutenga ngongole m'dzina la kampani enanu muli kumunda. Mukalemba kuti onse atatu azisaina pa chilichonse, mnzanu ali ku Dedza, simudzatha kulipira ngakhale dizilo. Njira yapakati ndi yoti mmodzi azisaina yekha mpaka pa ndalama imene mwagwirizana, kupitirira apo asaine awiri.

Tsopano nkhani imene anthu amaiopa ngati kuitchula n'kuitana tsoka: imfa, ndi kugulitsa gawo. Kwathu kuno tikudziwa mmene zimakhalira pa maliro, a malume ndi adzukulu amabwera ndi mawu awo pa chuma. Koma gawo la m'kampani limayenda motsata malamulo a boma a cholowa, amene amayang'ana ana ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu. Lembani ngati olowa m'malo adzakhale ma sócio, eni magawo, n'kusankha mmodzi wowaimira, kapena ngati kampani idzawalipire mtengo wa gawolo, ndi mmene mtengowo udzawerengeredwe. Lembaninso kuti wofuna kugulitsa gawo lake ayambe wafunsa anzake asanapite kwa wakunja. Popeza mmodzi wa inu ndi mlamu, dzifunseni mosabisa: ukwati umene ukukulumikizaniwo utatha, kampani ipitirira bwanji? Pa kontrato amalembanso ngati munthu ali pa banja lolembetsedwa ndi mtundu wa regime de bens, ndondomeko ya umwini wa chuma m'banja, chifukwa gawo logulidwa muli m'banja likhoza kukhala chuma cha awiri.

Pa zonsezi, ine ndinganene kuti yendetsani mapepala nokha, koma estatutos mukalemba mupatse munthu wodziwa malamulo awerenge kamodzi. Kulipira kuwerenga kokha n'kotsika mtengo kusiyana ndi kumupatsa ntchito yonse.

Wa_ku_Domue

Zikomo kwambiri mayi, za mlamuzo mwandilasa mtima. Nanga za lole, nyumba ndi mnzathu wa ku Malawi uja?

Kalaliki_Zobue

Achimwene, nyumba ndi lole muzisiye kunja kwa mpamba, makamaka poyamba. Katundu akalowa ngati mpamba amafuna lipoti la munthu wovomerezeka wowerengera mtengo wake, lole isinthidwe dzina pa mapepala ake, ndipo nyumba ikalowa kontrato yolemba nokha ija sigwiranso, pamafunika escritura pública, chikalata cholembedwa ndi notariyo. Kumbukiraninso kuti m'Mozambique nthaka ndi ya boma. Munthu amakhala ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ndiye malo enieniwo simungawaike ngati mpamba. Chapafupi n'chakuti mwini lole ndi mwini nyumba abwereketse kampani pa kontrato ya lendi yolembedwa. Kontrato ya nyumbayo idzakuthandizaninso posonyeza pamene pali likulu la kampani popempha chilolezo. Lendi imakhala ndi msonkho wake, kontabilista akuuzani.

Mnzanu wa ku Dedza akhoza kukhala sócio, lamulo limalola mlendo. Afunika pasipoti yeniyeni, osati kapepala kowolokera malire, komanso NUIT yake ya kuno. Chikalata chilichonse chochokera ku Malawi cholembedwa m'Chingerezi chimasuliridwe m'Chipwitikizi ndi womasulira wolumbira. Pali misampha iwiri. Woyamba, ndalama ya gawo lake isabwere m'thumba n'kusinthidwa kwa anyamata a pa malire. Idzere ku banki ndipo ilembetsedwe ngati ndalama yochokera kunja motsata malamulo a Banco de Moçambique, apo ayi tsiku lofuna kutumiza phindu lake kwawo adzasowa umboni woti analowetsapo kanthu. Wachiwiri, kukhala sócio sikumupatsa ufulu wogwira ntchito kuno. Akafuna kukhala pa sikelo kapena kuyendetsa kampani, pamafunika chilolezo cha ntchito ndi mapepala a migração. Kuti timalankhula chinenero chimodzi ndipo manda a makolo ali mbali zonse ziwiri, wa inspecção, woyendera malo a ntchito, sizimukhudza. Chapafupi, administrador akhale mmodzi wa inu a kuno.

Kontabilista_Moatize

Ndiwonjezere za pambuyo pa kulembetsa, chifukwa apa mpamene chisangalalo cha certidão chimathera.

Tsiku limene mwapereka M/02, wotchi ya misonkho yayamba kuyenda, kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Malonda a mbewu ali ndi nyengo. Kuyambira Epulo mpaka cha mu Seputembala mumakhala pa mpanipani, kenako nthawi ya dzinja zii. Anthu amaganiza kuti mwezi umene sanagulitse palibe chokanena. Ngati muli mu regime ya mwezi ndi mwezi ya IVA, msonkho wa pa zogulitsa, fomu imaperekedwa ngakhale ili ndi ziro yokhayokha, ndipo kusapereka kumabala multa imene imaunjikana mwakachetechete. Mumadzaidziwa tsiku limene wogula wamkulu wakupemphani certidão de quitação, chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, a misonkho n'kukuonetsani miyezi yonse imene munadumpha.

IVA ndi 16% kuyambira Januwale 2023, koma mbewu zina zaulimi sizilipira, ndiye funsani pa mbewu iliyonse musanasindikize mabuku a factura. Mabukuwo asindikizidwe ku tipografia yovomerezedwa ndi a misonkho. Msonkho wa phindu, IRPC, mlingo wake wamba ndi 32%, ndipo fomu yake, Modelo 22, imaperekedwa pofika kumapeto kwa Meyi chaka chotsatira. Palinso ISPC, njira ya msonkho ya abizinesi ang'onoang'ono, yopepuka kuyendetsa, koma musanaisankhe funsani ogula anuwo mtundu wa factura imene akufuna, chifukwa ndiwo akukuchititsani zonsezi. INSS ndi 7% ya malipiro, 4% ya kampani ndi 3% ya wantchito. Pa malipiro a 15.000 MT, kampani imapereka 600, wantchito mumamudula 450, ndipo zonse zikhale zitalipidwa pofika pa 10 mwezi wotsatira.

Vuto lenileni la ogula mbewu n'lakuti alimi a kumudzi sapereka factura. Mumatulutsa 300.000 MT kukagula soya ku Dómuè, m'mabuku mulibe pepala, ndiye a misonkho amaona ngati ndalama yonse imene mwagulitsa ndi phindu. Pa kugula kulikonse lembani dzina la mlimi, nambala ya BI kapena NUIT yake, tsiku, makilo, mtengo, asaine kapena adinde chala, ndipo kontabilista wanu akuuzeni chikalata chimene ofesi ya misonkho ya dera lanu imalandira nyengo yogula isanayambe.

Pa mawu oti Limitada ndikonzeko pang'ono maganizo a anthu. Amatchinjiriza ng'ombe zanu ndi nyumba yanu ku ngongole za kampani, inde, koma mpandawo uli ndi zipata. Mukasainira aval ku banki, kulonjeza kuti mudzalipira ngongole kampani ikalephera, mwadzimanga nokha ndi chuma chanu. Administrador akhoza kufunsidwa yekha pa ngongole za misonkho zimene kampani yalephera kulipira. Ndipo mukamalandira ndalama za kampani pa M-Pesa kapena e-Mola yanu, n'kumalipirapo fizi ya ana, khoti likhoza kunena kuti kampani ndi inu ndi thumba limodzi. Ndalama ina iliyonse imene sócio wathira yoposa gawo lake ilembedwe ngati suprimento, ngongole imene kampani idzamubwezere, yokhala ndi tsiku, kuchuluka kwake ndi masiginecha a onse atatu.