Ndani akudziwa za kuchiza mano obooka ndi kuwala?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Luchenza kuno ku Thyolo. Mwana wanga wamkazi wayamba kubooka mano awiri akumbuyo, ndipo kuchipatala akuti tikachedwa adzangowazula. Mano ake ndi okhalitsa kale, ndiye mtima ukundipweteka.

Ndamva kuti madokotala ena amapha tizilombo tooletsa mano ndi kuwala. Kachilombo kovuta kwambiri ndi Streptococcus mutans, kamene kamadya shuga wotsalira m'kamwa n'kutulutsa asidi amene amadya dzino. Akuti amapaka mankhwala a buluu, monga methylene blue, pobookapo, kenako n'kuunikapo kuwala kofiira. Mankhwalawo akalandira kuwalako amasandutsa okosijeni kukhala waukali, tizilombo n'kufa. Bowolo silidzitseka lokha ayi, amamatabe.

Funso langa ndi ili: alipo dokotala wa mano amene amachita zimenezi ku Blantyre kapena ku Mulanje? Ndalama zake zimakhala zingati? Nanga kwa mwana n'zoyenera?

Sindikunena kuwala kwa buluu koumitsira zomatira dzino kuja. Amene munaonapo ndi maso kapena mumagwira ntchito ya mano, chonde ndiyankheni.