Ndithandizeni kusankha filimu yoonera ndi mphwanga

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumatsata mafilimu a chikondi ndi nthabwala a achinyamata. Mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 17, anandiululira posachedwapa kuti mtima wake umakopeka ndi anyamata anzake, ndipo popeza makolo ake sanaimve nkhaniyi, ndikufuna filimu yoti tionere limodzi kuti kukambirana kwathu kupepuke.

Tinaonera kale Love, Simon ya mu 2018, yochokera m'buku la Becky Albertalli. Mphwangayo anaseka kwambiri poyamba, koma pamene mnzake wa Simon wa kusukulu anaulula pa intaneti chinsinsi chakuti Simon amakopeka ndi anyamata anzake, anangoti zii, n'kumatembenuza foni m'manja mpaka filimu inatha. Chimene sichinandikhutiritse ine n'chakuti makolo a Simon anamulandira mosavuta, pamene si mabanja onse angatero. Ndinakonda kwambiri The Half of It ya Alice Wu ya mu 2020, momwe mtsikana wotchedwa Ellie Chu amalembera mnyamata wina makalata achikondi opita kwa mtsikana amene Ellie mwini akumufunanso, chifukwa nkhaniyo simuthamangitsa kuti adzidziwe tsiku limodzi.

Kodi ilipo filimu ina imene imaonetsa makolo akuvutika kumvetsa, koma osamusandutsa mwanayo choseketsa? Mundiuzenso ngati muli zithunzi zosayenera msinkhu wake, komanso ngati n'kwanzeru kuitana mayi ake kuti aonere nafe mwini wake asanawauze.